Wodwala mtima akafika wokomoka wopanda kabuku, timudziwa bwanji?

Sisitala wa ku casualty: Mwaswera bwanji nonse. Pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira Lachisanu, ndikupempha nzeru zanu. Anatibweretsera mtsikana wagwa pa kabaza, bala m'mutu, akulankhula zosamveka. Omubweretsa anali anthu odutsa, osamudziwa n'komwe. Chikwama chinasowa pamalo a ngozi, foni panalibe, kabuku ka kuchipatala panalibenso. Tinachita zomwe timachita masiku onse: kutsuka bala, kusoka, jakisoni wa ululu wa diclofenac pathako, diripi. Patangopita ola bandeji inali itanyowa, tinasintha, inanyowanso. Pomwe tinabaya jakisoni panatupa ngati chibakera. Pomuvula kuti timuone bwino m'pamene ndinaona chipsera chachitali pakati pa chifuwa, ndipo nditamvetsera mtima ndinamva kaphokoso kaja ka tiki tiki. Valavu yachitsulo yamumtima, yoikidwa pa opaleshoni. Mayi ake anafika patatha maola anayi atanyamula kabuku: anakachitidwa opaleshoni ku India, amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, tsiku lililonse. Tinamutumiza ku chipatala chachikulu ndipo ali moyo, koma mtima wanga sunakhale pansi, chifukwa jakisoni uja ndinabaya ndine. Kodi odwala mtima oterewa sitingawaveke kanthu padzanja kotiuza matenda awo iwo akalephera kulankhula? Alipo amene anayesapo?

CO (clinical officer) wa kiliniki ya mtima: Pepani Sisitala. Musadziweruze kwambiri, aliyense wa ife akanabaya jakisoni ameneyo. Ine ndimaona odwala a rheumatic heart disease, matenda owononga mavalavu a mtima, sabata iliyonse, ambiri ndi achinyamata, ndipo ukawaona pamsewu sungaganize kuti akudwala. Kabuku amabwera nako tsiku la kiliniki lokha. Masiku ena kamakhala pansi pa matiresi kapena m'sutikesi kuopa mvula ndi chiswe. Tinayesapo timakadi tokutira pulasitiki toti aziika m'thumba, koma kakadi kamapita ndi chikwama monga mwaonera, ndipo amayi ambiri zovala zawo zilibe matumba.

Namwino ali ku Manchester: Moni kumudzi. Kuno zibangili zotere n'zofala. Bungwe lodziwika nazo kwambiri ndi MedicAlert, lomwe linayamba mu 1956 ku Turlock, California. Analiyambitsa Dr Marion Collins mwana wake wamkazi atatsala pang'ono kufa thupi lake litadana ndi mankhwala a kafumbata. Chawo chimakhala ndi matenda a munthu kuseri, nambala yake, ndi nambala ya foni yomwe umaimba nthawi iliyonse n'kuuzidwa mbiri yake yonse. Ku South Africa bungweli lilikonso. Koma munthu amalipira chaka ndi chaka, ndiye sindikuona agogo a ku Ntchisi kapena mwana wasukulu wa ku Nsanje akukwanitsa. Chomwe mungatengeko ndi chizolowezi chathu. Wodwala akafika wokomoka, dzanja lomwe ukugwira kuti umve kugunda kwa mtima umaliyang'ananso ngati pali chibangili, kenako khosi. Zimaphunzitsidwa, sizimangochitika.

Wa ku famase: Ine ndiyambe ndi zolembapo, chifukwa malo ndi ochepa ndipo anthu adzafuna kulembapo mbiri yonse. Mlingo wa warfarin musazokote. Mwezi uno akumwa 5mg, INR, muyeso wa nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane, ikakwera mumutsitsa, pomwe chitsulo sichifufutika. Dzina la mankhwala lokha ndi lokwanira. Munthu akangowerenga WARFARIN amadziwa kuti diclofenac ndi ibuprofen ayi, jakisoni wa m'mnofu apewe, ndipo bala la m'mutu ngakhale laling'ono asamutulutse msanga. Ndiwonjezere zomwe ndimaona pawindo langa. Metronidazole ndi Bactrim zimakweza INR mpaka munthu kutuluka magazi m'nkhama, rifampicin wa TB amaitsitsa mpaka warfarin kukhala ngati sakumwa. Wodwala amakatenga mankhwala amenewa ku health centre ali maso bwinobwino, koma satchula warfarin chifukwa palibe wamufunsa. Chibangili chingathandizenso pamenepo, si pangozi pokha.

Dokotala wa wodi ya akuluakulu: Ndikugwirizana ndi a ku famase, koma WARFARIN yekha sakwanira. Chifukwa chomwe akumwera chilembedwenso. Munthu wa valavu yachitsulo ya mitral (ya kumanzere kwa mtima) timafuna INR yake ikhale pakati pa 2.5 ndi 3.5, wa atrial fibrillation (mtima wogunda mosalongosoka) pakati pa 2 ndi 3. Wa valavu yachitsulo ukamupatsa vitamin K (wothetsa mphamvu ya warfarin) wambiri mosaganiza, kapena ukamusiyitsa warfarin masiku angapo osamupatsa heparin, jakisoni woletsa magazi kuundana, magazi amatha kuundana pavalavu pomwepo, ndiye wathetsa vuto lina n'kuyambitsa loopsa. Wolandira wodwala akawerenga kuti pali valavu yachitsulo adziwa kuti aimbe foni kaye. Ndiponso tisaganize za a warfarin okha. Amene ndimawadandaula kwambiri ndi a mitral stenosis (valavu yopanikizika) ndi a heart failure (mtima wofooka popopa magazi). Afika BP yotsika, wina aika malita awiri a diripi ya Ringer's othamanga, pakutha pa ola munthu akumira ndi madzi m'mapapo. Kwa amenewa mawu oti asathamangitse diripi angapulumutse moyo kuposa dzina la mankhwala lililonse.

Wogonetsa odwala ku thiyeta: Muonjezerepo a pacemaker, kamakina koikidwa pachifuwa kowongolera kugunda kwa mtima, ngakhale ndi ochepa. Diathermy, chida chamagetsi chodulira ndi kuletsa magazi kutuluka pa opaleshoni, imatha kusokoneza kamakina kaja, ndiye ndimafuna kudziwa tisanayambe kudula. Mwa munthu wowonda umakaona kakutumphuka pansi pa fupa la m'khosi, mwa wonenepa ukhoza kukaphonya. Komanso wa atenolol, mankhwala ochedwetsa kugunda kwa mtima, akamataya magazi mtima wake suthamanga monga timayembekezera, umaona pulse ya 80 n'kumati zili bwino.

Sisitala wa ku casualty: Adokotala, zonsezi zikwana pa kachitsulo kamodzi? Ndipo tilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Dokotala wa wodi ya akuluakulu: Mizere inayi basi, ndipo aliyense alembedwe zake. Kwa mtsikana wanu ndikanalemba dzina lake, kenako MECHANICAL MITRAL VALVE, kenako ON WARFARIN, kenako nambala ya gadiyani. Amene thupi lake limadana ndi penicillin, zimenezo zilowe ngakhale titachotsa china, chifukwa odwala a rheumatic heart disease ndi omwe timawabaya benzathine penicillin mwezi ndi mwezi. Chingerezi ndiye chabwino poti owerenga ndife, ndipo anthu athu amayenda. Wina akagwa ku Chipata kapena ku Joni, mawu amenewa awerengeka, ngakhale ku Tete dzina la mankhwala alizindikira. Muyeso wanga ndi uwu: mawu amene sasintha zomwe ndichite m'mphindi khumi zoyambirira asalembedwe.

Mzamba: Ndilowererepo pa za amayi. Warfarin amatha kuwononga mwana m'mimba, makamaka miyezi itatu yoyambirira, ndipo mayi wa mitral stenosis pobereka ndi pomwe timamutaya. Amabwera ku sikelo ndi kabuku katsopano, kakale kokhala ndi mbiri ya mtima kasiyidwa kunyumba, nthawi zina dala, chifukwa anauzidwa kuti asatenge mimba ndipo akuopa kukalipiridwa. Chibangili ndingachione poyeza BP. Koma ndikuchenjezeni, mtsikana wosakwatiwa savala chinthu cholengeza kumudzi konse kuti ali ndi matenda a mtima. Amaopa kuti akuchimuna akamva adzati sadzabereka. Mawu akhale mkati, mbali yogunda khungu, kunja kukhale chizindikiro chokha. Ndipo za HIV zisayerekeze kulembedwapo, ngakhale wina anene kuti n'zothandiza pa nkhani ya mankhwala.

HSA wamkulu: Zikomo akuluakulu pondilola kuyankhapo, ine ndine wa kumudzi. Zomwe mwanenazi n'zoona, koma funso ndi loti adzavala kodi? Kwathu kuno chinthu chomangidwa padzanja chomwe munthu wauzidwa kuti asavule chimatchedwa chithumwa. Wopemphera adzafunsidwa ndi akulu a mpingo kuti wapita kwa sing'anga uti. Ndiye ndinaona zithunzi za zibangili zakunja, zili ndi njoka yozengerezeka pandodo. Inu mukudziwa kuti ndi chizindikiro cha zachipatala, chili pa ambulansi zathu zomwe, koma agogo akaona njoka padzanja la mdzukulu wawo adzachivula usiku womwewo. Ikanipo mtima wofiira, kapena mawu oti CHIPATALA. Ana asukulu nawo aphunzitsi amawavula zibangili pa asembule, ndiye pafunika kalata yopita kwa a hedi. Ndipo chisawale ngati golide kapena siliva, apo ayi chidzapita limodzi ndi chikwama pamalo a ngozi.

Namwino ali ku Manchester: Bambo HSA, za njokazo sindinaziganizepo ngakhale pang'ono, zaka zakunja zandiiwalitsa. Mwanena zoona.

CO wa kiliniki ya mtima: Bambo HSA mwagunda penipeni. Ndinali ndi mnyamata wa Fomu 2 yemwe achibale ake a ku Joni anamutumizira chibangili chokongola, anachivala sabata imodzi. Anzake ankamutcha wodwala, iye n'kuchiponya m'chimbudzi. Ndinaphunzirapo kuti chibangili sumangopereka ngati panado. Ukhale naye pansi pamodzi ndi gadiyani, umufotokozere zomwe zingachitike atakomoka pakati pa anthu osamudziwa, asankhe yekha cha padzanja kapena cha m'khosi. Amene amagwira ntchito pachigayo kapena pamakina, cha padzanja chikhoza kukodwa, bola tcheni cha m'khosi cholowa mkati mwa malaya.

Mzamba: Amayi ena adzafunsa ngati angamangirire kachitsuloko pa mikanda ya m'chiuno, poti imeneyo savula.

Sisitala wa ku casualty: Ayi Amayi, kumeneko timafikako mochedwa, mwaona mmene ndinachedwera kuona chipsera cha pachifuwa. Padzanja ndi pomwe timayambira, pogwira pulse ndi poika cannula ya diripi. Nanga tizipeza kuti? Bajeti ya chipatala mukuidziwa.

Wa ku famase: Musayang'ane kutali. M'tauni muli anthu ozokota mayina pa zikho za mpira, pa mabaji ndi pa tizitsulo ta makiyi, ntchito imeneyi angaigwire. Chitsulo chikhale stainless steel. Mkuwa umadetsa khungu kukhala lobiriwira, ndipo tizitsulo totchipa tokhala ndi nickel timayabwitsa anthu ena mpaka zilonda, wodwala n'kuvula. Zilembo azokote mozama, za penti zimatha ndi sopo wochapira. Zibangili za labala zija achinyamata amavala kale n'zotchipa mukaitanitsa zambiri, ndipo palibe amene angazitche chithumwa, koma zonse zimatuluka ndi mawu ofanana, dzina ndi nambala sizilowa. Mwina a warfarin onse tiwapatse cha labala cholembedwa ON WARFARIN, a valavu yachitsulo ndi a pacemaker, omwe ndi owerengeka, tiwapangire chachitsulo. Chinthu chimodzi, wozokota musamupatse mndandanda wa mayina ndi matenda kuti atsale nawo. Wodwala avomere kaye, mupite nawo nokha, mubwere nawo.

Dokotala wa wodi ya akuluakulu: Pa nambala ya foni, anthu amasintha ma SIM kawirikawiri. Ngati kiliniki ili ndi nambala yokhazikika, ikanipo imeneyo pamodzi ndi nambala ya wodwala ya mu rejisitala, koma pokhapokha ngati pali munthu woyankha usiku. Nambala yongolira osayankhidwa imangotayitsa nthawi. Ndipo a CO, tsiku lililonse la kiliniki muzichiyang'ana ngati mmene mumayang'anira INR. Amene wasiya warfarin achivule, chifukwa chibangili chonama chikhoza kuchedwetsa opaleshoni yofunika msanga. Ifenso tisachisandutse lab. Chikati warfarin, INR tiyezebe pomwe zingatheke, chifuwa timvetserebe.

HSA wamkulu: Mukayamba mundiuze. Ndikalankhula ndi mafumu ndi atsogoleri a mipingo pa msonkhano wathu wa mwezi uno, ndikatenge chimodzi choti akachigwire ndi manja awo. Abusa akachitchula okha paguwa kuti n'cha kuchipatala, nkhani ya chithumwa yatha. A kabaza nawonso ali ndi matcheyamani awo pa siteji iliyonse, ndipo ndi amene amayamba kufika pangozi. Angouzidwa kuti akaona chotere asachivule, akatiuze pofika.

Sisitala wa ku casualty: Ndabweranso patatha masabata atatu. Ine ndi a CO tinayamba ndi odwala asanu ndi mmodzi a valavu yachitsulo, ndalama tinasonkha tokha pa tiyi. Asanu anavomera, anayi cha padzanja, mmodzi cha m'khosi. Wachisanu ndi chimodzi anakana, akuti amuna ake sanalole, ndiye tamupempha abwere nawo ulendo wotsatira. Wozokota analakwitsa chimodzi, analemba WAFARIN, tinabweza kuti akonze, choncho muziwerenga chilembo chilichonse musanalipire. Kunja tinaika mtima wofiira monga ananenera bambo HSA. Ku casualty ndamata pepala pamwamba pa tebulo la triage, pomwe timayambira kuona odwala, lolembedwa DZANJA, KHOSI, CHIFUWA, ndipo ndimalitchula pa handover iliyonse posinthana shifiti, chifukwa sabata yoyamba ndinayesa kuveka wophunzira chibangili n'kumugoneka pa trolley, anamwino awiri mwa atatu anamuyeza BP dzanja lomwelo osachitembenuza. Mtsikana uja anatuluka, anabwera Lachiwiri kudzachotsa ulusi, ndipo chake ndinamuveka ndekha. Mayi ake anafunsa ngati angasambe nacho, ndinati asavule ngakhale posamba. A ku famase, nditumizireni ku inbox za kumene tingaitanitse za labala zija, a warfarin otsala alipo ambiri.

Wa ku famase: Ndatumiza Sisitala. Muyeze kaye manja a ana, saizi ya akulu imavuka.