Ulalo wa kumudzi ndi nkhongole ya madola

Mlembi: Akuluakulu, ulalo wa kumadimba wagwa ndi mvula ya Lachiwiri, ndipo ana a sukulu akuwoloka atasenza mabuku pamutu. M'bale wathu wa ku Johannesburg wati angathe kutibwereka ndalama zomangira, koma tidzabweze m'madola. Tikuti bwanji?

Aphunzitsi opuma: Ndikupempha kuti tisathamange. Mu 2012 boma lathu la Zambia linabwereka madola 750 miliyoni pa Eurobond, nkhongole yobwerekedwa pamsika wa ndalama wa kunja, dola imodzi ili pafupi ndi K5, ndipo linabwerezanso mu 2014 ndi 2015 mpaka zonse zinakwana madola 3 biliyoni. Pofika mu November 2020, pamene Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni, dola inali itapitirira K20. Papepala nkhongole inali yomweyo, koma makwacha ogulira madolawo anachuluka kanayi. Ife timasonkha ndalama za nshawa ndi chimanga, nanga madola tidzawatenga kuti?

Msungichuma: Aphunzitsi, ife si boma, ndipo wotibwerekayo ndi mwana wa mudzi uno.

Amayi a ku Kapata: A Msungichuma, tisanakambe za madola, mutiuze kumene kunapita matumba a simenti amene tinasonkhera chaka chija. Ine ndinawaona ndi maso anga ataunjikidwa m'khonde mwanu, ataphimbidwa ndi tenti yabuluu.

Msungichuma: Simentiyo inauma ndi chinyezi, ndipo ndinanena pamsonkhano. Amene sanabwere asandiyese wakuba.

Amayi a ku Kapata: Thumba louma silisowa, bambo. Likanakhalapo mpaka lero ngati mwala.

Aphunzitsi opuma: Amayi anena zoona, ndipo ndi nkhani imodzimodzi. Wobwereketsa akakhala kunja kwa dziko, kukambirana naye zinthu zikavuta ndi ntchito yaikulu. Boma lathu linadikira mpaka June 2023 kuti ligwirizane ku Paris ndi maiko amene linali nawo nkhongole ya madola 6.3 biliyoni, yochuluka mwa iyo ili ya China, ndipo eni a Eurobond anavomera mu 2024. Limenelo ndi boma lokhala ndi nduna, maloya ndi IMF, bungwe lobwereketsa maiko ndalama, pambali pake. Ife tikadzalephera, adzapite ndani ku Johannesburg kukapepesa? Mkangano udzagwera amayi ake a mnyamatayo kumudzi, amene timakumana nawo pamaliro ndi kutchalitchi.

Wa ku Lusaka: Nanga bwanji osapempha CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha m'madera a aphungu? Ndalamayo inakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo si nkhongole.

Mlembi: Mafomu tinalemba, achimwene, koma yankho silinabwere.

Aphunzitsi opuma: Tilembenso. Ngati m'bale wathuyo ali ndi mtima wothandiza, atibwereke m'makwacha, kuti kwacha ikagwa tigawane kupweteka, osati kuti iye agone tulo ife tikuwerenga mtengo wa dola m'mawa uliwonse. Ndiponso pangano lilembedwe, amfumu asainire, ndalama isadutse m'manja mwa munthu mmodzi.

Msungichuma: Munthu mmodziyo ndiye ndani? Ngati mukunena ine, tchulani dzina, ndipo buku la ndalama mubwere mudzatenge.

Wapampando: Abale, mvula ikubwerabe. Kodi alipo amene ali ndi matabwa oti tiyikepo kaye Loweruka lino?

Amayi a ku Kapata: Matabwa ndipereka ine, a Wapampando, koma bukulo libwere nawo.