Akulu 24, zamoyo zinayi ndi mzinda wa mastadiya 12,000: masomphenya a kumwamba tiwamve bwanji?

Wophunzira Malemba

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni. Pa Chivumbulutso 4 Yohane akuona khomo lotseguka kumwamba, mpando wachifumu, akulu 24 ovala zoyera, nyanja yonga galasi, ndi zamoyo zinayi zodzaza ndi maso kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Pa chaputala 21 akuona mzinda umene msinkhu wake ukufanana ndi m'litali mwake. Ena amaphunzitsa kuti kumwamba kulidi choncho, tikakafika tikaziona ndi maso athu. Ena amati zonsezi n'zophiphiritsa, koma akayamba kumasulira aliyense amalowera kwake. Kodi pali njira yodziwira kuti ichi n'chizindikiro, ndiponso kuti chikuimira chiyani, popanda kungoganizira?

Mphunzitsi wa Baibulo

Njira ilipo mbale wanga, ndipo imayambira m'buku lomwelo. Musanatsegule buku lililonse la ndemanga, tengani pensulo mulembe mzere pansi pa mavesi amene Chivumbulutso chikudzimasulira chokha. Pa 1:20 nyenyezi zisanu ndi ziwiri ndi angelo a mipingo, zoyikapo nyale ndi mipingoyo. Pa 5:8 zofukiza za m'mbale zagolide ndi mapemphero a oyera mtima. Pa 12:9 chinjoka ndi Satana, pa 17:15 madzi ndi mitundu ya anthu, pa 19:8 nsalu yabafuta ndi ntchito zolungama za oyera mtima. Mavesi amenewa akuonetsa mmene wolembayo akufunira kuti timuwerenge. Ngati zofukiza zili mapemphero, n'zovuta kunena kuti mbale zake ndiye mbale zenizeni zotsukidwa ndi madzi.

Mukatero, bwererani ku chaputala 4 muzungulize mawu akuti "ngati", "monga" ndi "chonga" paliponse pamene akupezeka. Liwu ndi longa la lipenga, utawaleza ndi wonga mwala wa emarodi, nyanja ndi yonga galasi, chamoyo choyamba n'chonga mkango. Yohane akuyerekeza, chifukwa chimene waonacho chilibe dzina m'chinenero cha anthu. Onaninso kuti Wokhala pa mpandoyo samufotokoza nkhope kapena thupi. Akungotchula kunyezimira kwa miyala ya yaspi ndi sardiyo.

Ntchito yaikulu ndiyo kufufuza kumene chithunzi chilichonse chachokera m'Chipangano Chakale. Zamoyo zinayi zikutiphunzitsa bwino pamenepa. Pa Ezekieli 1 zilipo zinayi, koma chilichonse chili ndi nkhope zinayi ndi mapiko anayi, ndipo pa 10:20 mneneriyo akuti ndi akerubi. Pa Yesaya 6 pali aserafi a mapiko asanu ndi limodzi, ofuula kuti "Woyera, woyera, woyera". Za Yohane zili ndi nkhope imodziimodzi, mapiko asanu ndi limodzi ngati a aserafi, maso ngati a akerubi a Ezekieli, nyimbo n'kukhala ya pa Yesaya. Chikanakhala chithunzi chojambula ndi kamera, tikanafunsa kuti walakwitsa kuwerenga mapiko ndani, Ezekieli kapena Yohane. Palibe walakwitsa. Yohane waphatikiza masomphenya awiriwo kuti owerenga adziwe kuti mpando uwu ndi womwe uja anauona aneneri, ndiponso kuti zolengedwa zonse, nyama zakuthengo, zoweta, anthu ndi mbalame, zili pozungulira pake kulambira.

Pamene anthu amasochera ndi pamene afuna kupatsa kanthu kalikonse tanthauzo lakelake. Taonani zimene aphunzitsi atatu a mpingo wakale anachita ndi zamoyo zomwezi. Cha m'chaka cha 180 Irenaeus anaziyerekeza ndi Mauthenga Abwino anayi, n'kupatsa Yohane mkango, Marko chiwombankhanga. Augustine anapatsa Mateyu mkango, Marko munthu. Jerome anapatsa Marko mkango, Yohane chiwombankhanga, ndipo ndi dongosolo lake limene linafala pa zojambula za m'matchalitchi. Akuluakulu atatu, mayankho atatu, chifukwa ndimeyo sinena kanthu za Mauthenga Abwino. Tanthauzo limene simungaloze vesi lake muzilitchula kuti ndi ganizo, musamalilalikire ngati chiphunzitso.

Mayi wa Sande Sukulu

Ndiwonjezerepo chimodzi pa zimene aphunzitsi anenazi, chimene chimamasula mfundo zambiri: muzisiyanitsa chimene Yohane wamva ndi chimene waona. Pa 5:5 akumva mmodzi wa akulu akunena za Mkango wa fuko la Yuda umene wapambana. Akaponya maso pa 5:6 sakuona mkango, akuona Mwanawankhosa wooneka ngati wophedwa, ali chilili, wa nyanga zisanu ndi ziwiri ndi maso asanu ndi awiri. Si zilombo ziwiri ayi, ndi Yesu mmodzi. Chomva chikutchula lonjezo la pa Genesis 49:9, choona chikufotokoza mmene lonjezolo linakwaniritsidwira: Mkango unapambana pophedwa. Nyanga ndi mphamvu, 7 ndi nambala ya chinthu chokwanira, ndipo masowo vesi lomwelo likuti ndi mizimu isanu ndi iwiri ya Mulungu.

Tsopano tengani njira yomweyo mupite nayo ku chaputala 7. Pa vesi 4 akumva chiwerengero, 144,000 ochokera m'mafuko a Israeli. Pa vesi 9 akuona khamu losawerengeka la mitundu yonse ndi zinenero zonse. Ine ndikuona kuti ndi anthu amodzimodzi, ngakhale alipo owerenga akhama amene amati ndi magulu awiri. Chimene chimandikokera kumeneko ndi mndandanda wa mafukowo. Uwerengeni mofatsa: Yuda ali patsogolo m'malo mwa Rubeni woyamba kubadwa, Dani mulibe, Efraimu satchulidwa, koma muli Yosefe pamodzi ndi mwana wake Manase. Fuko lililonse 12,000 ndendende, lalikulu ndi laling'ono chimodzimodzi. Kalembera weniweni satuluka choncho. Yerekezani ndi Numeri 1, pamene Yuda ali 74,600 ndipo Manase 32,200. Nambala ya 144,000 ndi 12 kuchulukitsa ndi 12, kuchulukitsanso ndi 1,000, kutanthauza anthu a Mulungu onse, osasowapo ndi mmodzi yemwe. Wolalikira nambalayi ngati malo ochepa olimbirana watembenuza uthenga wake, pakuti inalembedwa kuti itonthoze anthu amene anali kuopa kuti chizunzo chiwamwaza.

Wowerenga Chigiriki

Pa za mzindawo, achimwene, chitani masamu, chifukwa masamuwo ndiwo akuuzani mtundu wa zimene mukuwerenga. Stadiya imodzi inali pafupifupi mamita 185. Mastadiya 12,000 a pa 21:16 ndi makilomita pafupifupi 2,200, m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba. Phiri la Everest silifika makilomita 9. Linga lake pa vesi 17 ndi mikono 144, ndipo mkono ukakhala masentimita 45 ndiye kuti ndi mamita pafupifupi 65. Vesilo silinena ngati umenewu ndi msinkhu kapena kuchindikala kwa lingalo, koma mulimonsemo ndi kampanda kochepetsetsa pa mzinda wotere. Manambalawa sanalembedwere amisiri omanga. Ndi 12 yemwe uja wa zipata za mafuko ndi maziko a atumwi. N'chifukwa chake Baibulo limene langosintha muyesowo kukhala makilomita limakubisirani mfundo: 2,200 sakuuzani kanthu, 12,000 ndi 144 akukuuzani kuti mzindawu ndi wa anthu a Mulungu.

Funso loyenera ndi ili: m'Baibulo n'chiyani china chimene mbali zake zitatu n'zofanana? Ndi Malo Opatulikitsa a m'Kachisi wa Solomo, mikono 20 m'litali, 20 m'lifupi, 20 m'mwamba, okutidwa ndi golide, pa 1 Mafumu 6:20. Mmenemo munkalowa mkulu wa ansembe yekha, tsiku limodzi pachaka, malinga ndi Levitiko 16. Pachifuwa pake ankavala miyala 12 ya mtengo wapatali, pamphumi pake kachitsulo kagolide kolembedwa kuti ndi wopatulikira Yehova, monga zilili pa Eksodo 28. Tsopano bwererani kwa Yohane. Miyala 12 ili pa maziko a mzinda. Kachisi mulibe, akutero pa 21:22. Pa 22:4 atumiki a Mulungu akuona nkhope yake, dzina lake lili pamphumi pawo. Chipinda chija cha munthu mmodzi chakula mpaka kukwana onse, ndipo nsalu yotchinga palibenso.

Musaiwale 21:9 ndi 10. Mngelo akuuza Yohane kuti abwere amuonetse mkwatibwi, mkazi wa Mwanawankhosa, ndiyeno akumuonetsa mzinda. Kuitana kotereku kuli pa 17:1, pamene akumuonetsa mkazi wadama, amene pa 17:18 akuti ndi mzinda waukulu. Akazi awiri, mizinda iwiri. Ndiponso mzinda woyerawo ukutsika kuchokera kumwamba kudza pa dziko latsopano. Si anthu akukwera kupita kumeneko.

Wophunzira Malemba

Zikomo kwambiri nonse, za Malo Opatulikitsa zandigwira mtima. Komabe ndatsala ndi mafunso awiri. Akulu 24 aja ndi ndani? Ndipo tikamati zophiphiritsa, sitikuchititsa anthu kuganiza kuti kumwamba kulibe?

Mphunzitsi wa Baibulo

Lachiwirilo ndiliyankhe mwachidule. Chizindikiro chimaloza chinthu chimene chilipo. Mwanawankhosa ndi chizindikiro, koma Yesu ndi weniweni, imfa yake inali yeniyeni. Pa 21:4, pamene akuti imfa, maliro, kulira ndi chowawitsa sizidzakhalaponso, palibe "ngati" kapena "chonga". Pamenepo lalikirani mosazengereza.

Za akulu, bukuli silitchula kuti ndi ndani, choncho yambani ndi zimene akuchita. Akhala pa mipando yachifumu, avala zoyera ndi zisoti zagolide, zomwe ndi mphotho zolonjezedwa kwa opambana pa 2:10, 3:5 ndi 3:21. Agwira azeze ndi mbale za zofukiza, ntchito ya m'Kachisi, ndipo pa 1 Mbiri 24 ndi 25 magulu a ansembe ndi 24, a oyimba 24. Mukaphatikiza mafuko 12 ndi atumwi 12 a pa chaputala 21 mupezanso 24. Zonsezi zikuloza ku anthu a Mulungu a zipangano ziwiri, monga mafumu ndi ansembe. Ena amati ndi angelo oimira mpingo, ndipo ali ndi pogwira: pa 7:13 mmodzi wa akuluwo akumasulira masomphenya monga amachitira angelo, ndiponso pa 5:9 mipukutu yakale imasiyana. Yambiri ili ndi mawu akuti "munatigula ife", koma Codex Alexandrinus, wa m'zaka za m'ma 400, ulibe "ife" ameneyo. Onani kaye mmene Baibulo lanu lalembera vesi limeneli musanamangepo chiphunzitso.

Chimene palibe angatsutse chili pa 4:10 ndi 11: akuluwo akuvula zisoti zawo n'kuziponya patsogolo pa mpando, akunena kuti "Ambuye ndi Mulungu wathu". Irenaeus analemba kuti masomphenyawa anaoneka chakumapeto kwa ulamuliro wa Domitian, amene analamula ufumu wa Roma kuyambira 81 mpaka 96, ndipo Suetonius, wolemba mbiri wa ku Roma, analemba kuti mfumu imeneyi inkatchedwa "ambuye ndi mulungu wathu". Mkhristu wa ku Pergamo kapena ku Smurna, kumene kunali akachisi olemekeza Roma ndi mafumu ake, pomva vesi limeneli likuwerengedwa mumpingo ankadziwa bwino kuti dzinalo likulandidwa kwa yani.