Phuma, kuvutika maganizo ndi nkhawa pambuyo pa korona: za ku Egypt zingatithandize kuno ku Chipata?

Amayi Tembo, Kapata

Moni nonse. Tikukonza maphunziro a anthu odzipereka amene amayendera odwala m'makomboni a Kapata, Mchini ndi Nabvutika. Mu zimene tikuwerenga muli nkhani ya ku Egypt, yoti mliri wa korona utadutsa ofufuza akhala akuona mmene phuma, kuvutika maganizo ndi nkhawa zimakhudzirana. Ndithandizeni inu odziwa: chimayambitsa chinzake n'chiti? Mafomu amene amayezera zimenezi tingawagwiritse ntchito kuno? Nanga wodzipereka akapeza munthu wotere pakhomo achite chiyani?

A Mwale, Katete

Amayi, funso lanu loyambalo ndi limene limagwetsa ambiri. Kafukufuku wamtundu umenewu kawirikawiri amachitika kamodzi kokha: munthu apatsidwa mafomu, ayankha, zatha. Akaphatikiza mayankho n'kupeza kuti amene ali ndi mapointi ambiri a phuma alinso ndi ambiri a nkhawa, chomwe tadziwa n'chakuti zinthuzi zimapezeka pamodzi. Chinayamba n'chiti, fomu singanene. Kuti zimenezo zidziwike pamafunika kutsatira anthu omwewo kwa miyezi kapena zaka, n'kumawayeza mobwerezabwereza.

Mawu oti "pambuyo pa mliri" nawonso amanyenga. Egypt ndi dziko loyamba mu Africa kupeza wodwala korona, pa 14 February 2020. Kuyambira pa 25 March chaka chomwecho boma linaletsa kuyenda kuyambira 7 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo m'mwezi womwewo mizikiti ndi matchalitchi zinatsekedwa, alendo odzaona dziko anasiya kubwera. Koma mliri utangozirala ndalama yawo inagwa. Kumayambiriro kwa 2022 dola imodzi inali mapaundi osakwana 16, pofika March 2024 inali kuyandikira 50, ndipo mu September 2023 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 38 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Tsono munthu wa ku Cairo amene akusowa tulo mu 2023, chamusowetsa tulo ndi korona kapena mtengo wa chakudya? Kunonso n'chimodzimodzi. Korona anafika mu March 2020, kenako kolera, kenako chilala chimene Pulezidenti Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse. Chiwerengero chodziwika bwino n'cha WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, choti m'chaka choyamba cha mliri nkhawa ndi kuvutika maganizo zinakwera ndi 25 peresenti padziko lonse, ndipo chimenecho n'cha chaka choyambacho basi.

Onaninso amene anayankha. Mafunso ambiri a nthawi ya korona ankatumizidwa pa Facebook ndi WhatsApp, wina kupatsira mnzake. Amafikira wa foni yabwino, wophunzira, wam'tauni. Mlimi wa m'mbali mwa mtsinje wa Nile sapezekamo, monganso mlimi wa kwa Mpezeni sangapezekemo.

Za mafomu. PHQ-9, fomu yoyezera kuvutika maganizo, ili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawa, funso lililonse mapointi 0 mpaka 3, onse pamodzi 27. Malire ake ndi 5, 10, 15 ndi 20, ndipo kuyambira pa 10 munthu afunika kuonedwa ndi wachipatala. GAD-7 ndi ya nkhawa, mafunso 7, mapointi onse 21, malire 5, 10 ndi 15. PHQ-9 inamasuliridwa kale m'Chichewa n'kuyesedwa ku Malawi, choncho musamasulire nokha. Pemphani yoyesedwayo, n'kusintha pokhapo pamene mawu ake sakumveka kwa Mnsenga kapena Mngoni wa kuno.

Ya phuma yotchuka ndi BIS-11 ya 1995, mafunso 30, mapointi 30 mpaka 120. Imeneyi sindikukulangizani. Imafunsa ngati munthu amasunga ndalama nthawi zonse, ngati amakonzekera ulendo kudakali nthawi, ngati amasamukasamuka nyumba. Mayi wogulitsa tomato amene sasunga ndalama chifukwa palibe yotsala, ndiponso wasamuka katatu chifukwa cha lendi, adzaoneka waphuma pomwe vuto ndi umphawi. Palinso china: PHQ-9 imafunsa za kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, GAD-7 imafunsa za kusakhazikika ndi kupsa mtima msanga, ndipo BIS-11 imafunsa zofanana nazo. Mukafunsa funso limodzi m'mafomu awiri, mapointi sangalephere kukwerera limodzi.

A Jere, Chipata

A Mwale anena zoona pa za mafomu, koma amayi musachoke pano mukuganiza kuti mgwirizanowo ndi wapapepala pokha. Ulipo, kungoti phuma si limodzi.

Pali fomu ina, UPPS-P, imene imagawa phuma m'magulu asanu. Pali wokonda zinthu zoika moyo pachiswe, wosaganizira zotsatira, wosamaliza chimene wayamba, wopupuluma akakondwa kwambiri, ndi wopupuluma mtima ukamuwawa. Womaliza uyu ndi amene amapezeka kwambiri limodzi ndi kuvutika maganizo ndiponso nkhawa. Tsiku labwino ndi munthu wodekha ndithu. Akangopsinjika amafuna kuti ululu wa mumtimawo uthe pompo, ndiye amagwira chilichonse chili pafupi: kachasu, kubetcha pa foni, kaloba, kumenya mkazi, kugulitsa chimanga chonse mu May mtengo uli pansi. Mpumulo wake ndi wa ola limodzi. Mawa lake pali ngongole, manyazi ndi mkangano, maganizo akulemera kuposa dzulo, ndipo chilakolako chothawa chikukulanso. Ndiye funso loti chinayamba n'chiti silithandiza kwenikweni pakhomo la munthu, chifukwa pofika ife zimakhala zikudyetsana kale.

Mu ubongo, mbali ya kutsogolo kuseri kwa chipumi ndi imene imagwira ntchito ya mabuleki. Kusagona, mowa ndi nkhawa ya nthawi yaitali zimafooketsa mabuleki amenewa. N'chifukwa chake funso la tulo ndi la mowa musamalisiye.

Wodzipereka safunika fomu ya mafunso 30. Akamaliza PHQ-9 ndi GAD-7 afunse mwachidule: "Mtima ukakuwawani, mumachita zinthu zimene mumanong'oneza nazo bondo pambuyo pake? Chomaliza chinali chiyani, ndipo liti? Kuchokera pamene munachiganiza mpaka kuchichita panadutsa nthawi yaitali bwanji?" Funso lomalizali ndi lofunika koposa. Woyankha kuti "mphindi zochepa" ali pangozi yosiyana ndi woyankha kuti "sabata".

Musayambe ndi mawu oti matenda a maganizo, munthu amamva ngati mukuti wachita misala n'kutseka pakamwa. Anthu amati "ndikuganiza kwambiri", "mtima ukuthamanga", "mutu ukutentha", "thupi lonse likuphwanya". Yambirani pamenepo. Ku Zimbabwe a Dixon Chibanda anamanga Friendship Bench pa mawu a Chishona oti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri komweku, ndipo agogo ophunzitsidwa bwino ndi amene amacheza ndi anthu pabenchi.

Funso la nambala 9 mu PHQ-9 limafunsa za maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza. Odzipereka ambiri amalidumpha poopa kuti amupatsa munthu nzeru. Kufunsa sikudzala maganizo amenewo. Yankho likakhala china chilichonse kupatula 0, ngakhale mapointi onse ali 4 okha, funsani ngati ali ndi dongosolo la mmene angadzivulazire, ngati chinthu chodzivulaza nacho ali nacho pafupi, ndiponso ngati anayesapo kale. Akavomera chimodzi mwa izi, asasiyidwe yekha, ndipo aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Kalata yotumizira payokha sikwanira.

Kwa amene sali pangozi yotere, chothandiza ndi kutalikitsa mpata pakati pa kupsa mtima ndi kuchita. Agwirizane ndi wachibale mmodzi amene azimuimbira kapena kupita kwa iye asanachite chilichonse chokhudza ndalama, banja kapena ntchito. Nkhani yaikulu igone usiku umodzi. PIN ya Airtel Money kapena MoMo ya ndalama ya feteleza asunge anthu awiri ngati mwiniwake wavomera. Kupuma pang'onopang'ono, kukoka mpweya masekondi atatu n'kutulutsa masekondi atatu kwa mphindi ziwiri kapena kuposerapo, kumagwira ntchito pokhapo ayeserera tsiku ndi tsiku mtima uli pansi. Kuyamba kuphunzira utakwiya kale sikutheka. Njira ya WHO yotchedwa Problem Management Plus ili ndi kupuma kumeneku ndi njira zina m'magawo 5 a mphindi 90, kamodzi pasabata, ndipo inakonzedwera anthu omwe si madokotala.

A Phiri, Lundazi

Ndionjezepo za kumunda, chifukwa apa m'pamene Egypt ndi chigawo chathu cha Kum'mawa zikufanana kwambiri. M'midzi ya ku Egypt muli vuto lodziwika la anthu, ambiri achinyamata, amene amamwa mankhwala otetezera tirigu m'nkhokwe atangokangana ndi makolo kapena atalephera mayeso. Ambiri sanakonzekere kwa masiku; mankhwalawo anali pafupi panthawi yoipa. WHO imati pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse odzipha padziko lonse amafa ndi mankhwala a kumunda. Ku Sri Lanka boma litaletsa mitundu yoopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chinatsika kwambiri, ndipo zokolola sizinagwe.

Ifenso tili ndi opopera thonje, a fodya, a kudimba ndi a anankafumbwe, ndipo m'nyumba zambiri amakhala pansi pa bedi kapena patsindwi. Odzipereka anu aphunzire kufunsa kuti, "Mankhwala a kumunda mumasunga pati, ndipo kiyi ali ndi ndani?" Malangizo ake ndi awa: bokosi la loko kunja kwa nyumba yogona, ngati m'banja muli wovutika maganizo, wakumwa kwambiri kapena amene anayesapo kudzivulaza, kiyi asakhale ndi iye, ndipo ndi bwino bokosilo likakhale kwa achibale kapena kwa a mfumu. Gulani okwanira kupopera kwa nyengo imeneyo, osati otsala mpaka chaka chamawa. Musathire m'botolo la zakumwa. Mankhwala ofukiza chimanga si a m'nyumba yogona anthu m'pang'ono pomwe, mpweya wake umapha ngakhale amene sanawakhudze.

Munthu akamwa mankhwala a kumunda, musamusanzitse, musamupatse mkaka, mazira kapena madzi amchere. Mugonekeni chammbali cha kumanzere, muvuleni zovala ngati zanyowa ndi mankhwala, tengani botolo kapena pepala lake kuti achipatala adziwe mtundu, ndipo nyamukani nthawi yomweyo ngakhale akulankhula bwinobwino. Ena amaoneka ngati ali bwino kwa maola angapo kenako n'kugwa. Amene ali kutali ayambire pachipatala chaching'ono chapafupi, iwo ndi amene aitane ambulansi yopita ku Chipata Central, ku St Francis ku Katete kapena kuchipatala cha boma lawo.

Amayi Tembo, Kapata

Zikomo kwambiri abambo nonse. Za bokosi la loko tiziika tsiku loyamba. Chatsala n'cha mankhwala a kuchipatala: odzipereka adziwe chiyani, poti sindiwo olemba?

A Jere, Chipata

Adziwe zimene zimalakwika munthu akabwerera kunyumba, chifukwa amene amaziona ndi iwowo.

Mankhwala opezeka kawirikawiri ndi fluoxetine ndi amitriptyline. Malangizo a WHO othandizira odwala maganizo, otchedwa mhGAP, amati fluoxetine wamkulu ayambe ndi 10 mg kwa sabata, kenako 20 mg. Amitriptyline ayambe ndi 25 mg pogona, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka 100 kapena 150 mg. Kusintha kumayamba kuoneka pakadutsa masabata awiri mpaka anayi, pena kufika asanu ndi limodzi. Ambiri amasiya pa tsiku lachisanu ati sakugwira. Ena amasiya atangopeza bwino, pomwe amayenera kupitiriza miyezi 9 mpaka 12 zizindikiro zitatha, ndi kusiya motsitsa pang'onopang'ono.

Kwa waphuma pali zinthu zingapo zoopsa. Amitriptyline akamwedwa wambiri nthawi imodzi amaononga kagundidwe ka mtima, choncho amene ali ndi maganizo odzivulaza sayenera kupatsidwa wa mwezi wonse m'manja. Wachipatala auzidwe, ndipo mankhwala asunge wachibale. M'masabata oyamba, makamaka kwa osakwana zaka 25, mankhwalawa atha kubweretsa kusakhazikika ndi kukulitsa maganizo ofuna kufa, ndiye muyendereni kamodzi pasabata mwezi woyamba. Ndipo funsani achibale ngati munthuyo anakhalapo sabata kapena kuposa akugona maola awiri okha koma osatopa, akulankhula osalekeza, akumwaza ndalama, akudziona ngati wamkulu kuposa onse. Limenelo si phuma wamba, ndi chizindikiro cha matenda a bipolar, amene munthu amasinthasintha pakati pa kukondwa kopyola muyeso ndi kuvutika maganizo, ndipo fluoxetine kapena amitriptyline payekha atha kumuutsira zimenezo. Mbiri imeneyi wodwala sainena yekha, poti kwa iye inali nthawi yabwino.

Diazepam wogula pakona kuti agone asiyidwe. Amazoloweretsa m'masabata ochepa, ndipo akasakanizana ndi mowa amachotseratu mabuleki aja. Amene wamwa kale kwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi, atha kukomoka. Apite kuchipatala akamutsitsire. Chimodzimodzi wakumwa mowa tsiku lililonse: akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona zinthu zomwe palibe patangodutsa masiku awiri kapena atatu atasiya, ameneyo ndi wa kuchipatala usiku womwewo.

Pomutumiza, lembani papepala mapointi a PHQ-9 ndi GAD-7, yankho la funso la 9 palokha, mowa umene amamwa, ndi mankhwala ena onse amene ali nawo. Ma ARV alembeni dzina lake, chifukwa efavirenz amadziwika kuti amabweretsa maloto oipa ndi kusintha kwa maganizo. Pemphaninso kuti amuyeze kuchuluka kwa magazi, ndipo ngati akuonda, akumva kutentha, mtima ukuthamanga ndipo khosi latupa, amuone chithokomiro. Nambala zaulere zoimbira alangizi, 933 ndi 116, yachiwiriyi ya ana, zilembedwe kuseri kwa kope la wodzipereka aliyense.