Nkhani za ophunzira ngati zowerenga pa sukulu ya kwacha

Funso: Aphunzitsi anzanga, nkhani za ophunzira eni ake tingazigwiritse ntchito bwanji pophunzitsa akuluakulu ongoyamba kuwerenga?

Yankho loyamba: Wophunzira azifotokoza, inu muzilemba momwe wanenera, ziganizo 4 kapena 5 basi, m'zilembo zooneka bwino. Mawu ake musasinthe ngakhale akusokosereni, mukasintha sawazindikiranso.

Yankho lachiwiri: Zoona, koma chenjerani ndi kuloweza. Munthu amaoneka ngati akuwerenga, chikhalirecho akungobwereza zomwe akukumbukira. Dulani pepalalo, chiganizo chilichonse pachokha, kenako liwu lililonse. Sakanizani, ayalenso yekha. Mawu atatu omwe akumuvuta agaweni m'maphatikizo, monga ku-phu-nzi-ra.

Yankho lachitatu: Musanagawire ena nkhaniyo, pemphani mwini wake, ndipo chotsanimo mayina a anthu. Za ngongole kapena matenda zikaululika, munthu amasiya kubwera.