Za Impala ya 1964 ija, ndasankha

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati ndiike ma hydraulics (mapampu okweza ndi kutsitsa galimoto) pa Chevrolet Impala yanga ya 1964 kuti ikhale lowrider (galimoto yotsitsidwa pafupi ndi pansi), kapena ndiisiye momwe inatulukira ku fakitale. Ndinamvera achimwene amene anati ndiyambe ndaona manambala a pa injini. Makaniko kuno ku Los Angeles atapala dzimbiri, tinapeza kuti injini ya 327 ili m'menemoyo ndi yomwe galimotoyi inabadwa nayo. Pomwepo maganizo odula chitsulo kuti ndiike ma hydraulics anatheratu. Ndangoika mawilo a waya a mainchesi 13, akale aja ndawasunga m'galaja.

Inu ofuna ma hydraulics, felemu ya magalimotowa, yooneka ngati X, imafunika kuiwotcherera zitsulo kaye, apo ayi imang'aluka galimoto ikamadumpha. Mabatire a ma hydraulics nawonso amadzaza buti yonse.