Makina atsopano a FBC akulemba L pa neutrophil ya aliyense, ndisinthe range?

NaGama:
Anzanga a pa benchi, ndithandizeni ndisanapenge. Ino ndi sabata yachitatu chibwerereni makina atsopano a FBC (owerenga maselo a m'magazi) pano, a 5-part (osiyanitsa mitundu isanu ya maselo oyera), ndipo pafupifupi pepala lililonse likutuluka ndi L, kutanthauza kuti yatsika, pa neutrophil, mtundu umodzi wa maselo oyera. Osati odwala okha ayi. Dzulo ndinadziyeza ndekha, munthu wabwinobwino, 1.6, L. Mnzanga wa pa benchi ya TB 1.4, L. Mlonda wathu amene amapalasa njinga kuchokera ku Thondwe tsiku ndi tsiku 1.3, platelet 138, ma L awiri. Range (malire a nambala za munthu wabwinobwino) imene anasiya injiniya ndi neutrophil 2.0 mpaka 7.0, platelet 150 mpaka 400, akuti ndi mmene makina amabwerera.

Chikundipweteka n'chakuti ma CO (ma clinical officer) athu akuwerenga chilembo, nambala sakuyiona. Mayi wina wa pa ART wabwezedwa kawiri kuti tibwereze, akuti mwina Bactrim ikumutha maselo, akufuna amusiyitse. Mayiyo amachokera kuseri kwa Jali, ulendo uliwonse ndi ndalama ya kabaza. Diluent, madzi amene makina amasungunulira magazi, nayo ikungopita. Kuonjezera apo mwezi wamawa kukubwera assessment ya SLIPTA, yoona ubwino wa ntchito ya labu, ndipo funso ndikulidziwa kale: range izi munazitenga kuti, verification yake ili mu fayilo iti? Ndilibe kanthu. Ndilowe mu settings ndisinthe ndekha? Ndikopere za labu ina? Control (sampulo yoyesera makina) ikulowa ma level onse atatu, zimenezo musandifunse.

aMbewe:
Achemwali, ndikufunsani ndithu. Control ikulowa pa target ya ndani? Ya kampani yomweyo imene inagulitsa makina? EQA, mayeso a masampulo ochokera kunja kwa labu, munachita pa makina amenewa? Range musayikhudze. Pakani ma smear (magazi pa slide) khumi, muwerenge differential, mitundu ya maselo oyera, ndi maso, mufanizire. Makina atsopano akatsitsa aliyense, woyamba kumukayikira ndi makinawo.

Che Saidi:
Akulu aMbewe, smear apake inde, koma manambala amene watchulawa sakundidabwitsa ine. Ambiri a ife kuno tilibe Duffy antigen, chizindikiro china chachibadwa, pa maselo ofiira, ndipo anthu otere neutrophil yawo m'magazi imakhala yotsikirapo chibadwire, popanda matenda, popandanso kudwaladwala. 1.3, 1.5, 1.6 mwa munthu woyenda yekha, wopanda kutentha thupi, ndi zinthu zimene timaziona tsiku lililonse. Range ya 2.0 ija inachokera kwa anthu a kwina. Pa makina akale a 3-part sizimaoneka chifukwa ambiri timangolemba WBC ndi Hb mu buku la wodwala, granulocyte palibe ankayiyang'ana. Tsopano pepala likutuluka lonse ndi zilembo zake, basi mantha.

Platelet chimodzimodzi, athu amakonda kukhala m'munsi pang'ono, ndiye muphatikize ndi malungo a nyengo ino. Eosinophil, mtundu wina wa maselo oyera, ndiye muona H (yakwera) yambiri, makamaka kwa ochokera ku Kachulu ndi mbali zonse za ku Chilwa, koma imeneyo musayitche yachibadwa, nthawi zambiri ndi likodzo kapena njoka za m'mimba.

NaGama:
Eya Che Saidi, eosinophil H ikutulukadi yambiri, ndinaiwala kutchula. Ndiye ndiike ziti? Ndipatseni nambala.

Che Saidi:
Nambala ya m'mutu mwanga sindingakupatseni achemwali, assessor akakufunsani mudzati munapatsidwa ndi Saidi pa foni?

NaPhiri:
Nkhani ya range inandigonetsa ndi njala chaka china. Kumene ndinkagwira kale anatisinthira makina a chemistry, akale ankatulutsa creatinine (yoyezera impso) mu mg/dL, atsopano mu µmol/L. Mafomu osindikiza kale anali akadali ndi 0.6 mpaka 1.2. Mnyamata wa pa attachment analemba 79 pafupi ndi range imeneyo, unit osalemba. Usiku CO anaona 79, anayamba kulemba kalata yotumiza bambo uja ku Blantyre, achibale akulira panja akuti impso zafa. Anandidzutsa cha m'ma 1 koloko. 79 kugawa ndi 88.4 ndi 0.9, bamboyo impso zake zinali bwino kuposa zanga. Kuyambira tsiku limenelo fomu yopanda unit sindisayina, olo mundinyoze.

Koma chimene chimandiopsa kwambiri ndi mbali inayo. Agogo aakazi a zaka 60, makilo 42, creatinine 95, makina sakulemba H. Aliyense akuti zili bwino, apitirize TLD, ma ARV okhala ndi tenofovir. Mukawerengera ndi fomula ya Cockcroft-Gault, clearance (mphamvu ya impso kusefa) ikubwera cha m'ma 37, pansi pa 50 pamene tenofovir timayenera kuiganiziranso. Munthu wopanda minofu creatinine yake siikwera msanga. Ndiye pepala lopanda chilembo nalonso limanamiza.

aMbewe:
Mwaona? Nkhani ya NaPhiri si ya range, ndi ya kusasamala poika makina. Ndi zomwe ndikunena. Makina akafika pamafunika precision, pamafunika kufanizira ndi makina akale masampulo omwewo. NaGama, zimenezi zinachitika? Ngati sizinachitike, Duffy tisamunamizire.

aKalua CO:
Ndilankhuleko ine wa mbali inayo poti mwatitchula. OPD ya Lolemba ndimaona anthu opitirira 100. Pepala ndimaliyang'ana masekondi angati? Chilembo chija ndi chimene chimandikoka diso, ndipo munachiika ndinu a labu, osati ine. Mukandilembera L ndiye kuti labu yanena kuti chatsika. Ndikapanda kuchitapo kanthu wodwala n'kudzafa ndi china, pa audit adzatulutsa pepala lomwelo, L ali poneponepo, ndidzayankha chiyani? Ngati mukudziwa kuti 1.5 ndi yabwinobwino kwa anthu athu, bwerani pa morning report mudzatiuze, mulembe ndi memo. Koma Bactrim ija mnzangayo asamusiyitse mayiyo chifukwa cha L yokha, aone kaye Hb, platelet, ngati akutentha thupi, komanso ngati ali pa AZT, ARV imene imatha kutsitsa maselo.

Mayi Quality:
NaGama mwana wanga, mu settings usalowe wekha, ndakupempha. ISO 15189, muyezo wa ma labu azachipatala, imafuna kuti range ikhale ndi gwero lolembedwa, ivomerezedwe ndi mkulu wa labu, ndipo ogwiritsa ntchito zotsatira adziwitsidwe ikasintha. Ukasintha mwakachetechete, wodwala mmodzi adzakhala ndi mapepala awiri a mwezi umodzi, nambala yofanana, lina L lina lopanda. Udzawafotokozera bwanji?

Njira ya CLSI EP28, malangizo opangira ndi kutsimikizira range, ili motere. Kupanga range yanuyanu pamafunika anthu athanzi osachepera 120 pa gulu lililonse, amuna paokha, akazi paokha, kenako mumatenga pakati pa 2.5 ndi 97.5 percentile. Labu yaing'ono singakwanitse. Chimene mungathe ndi verification: anthu athanzi 20, muwayeze, muone angati agwera kunja kwa range imene mukufuna kugwiritsa ntchito. Awiri kapena ochepera, yalowa. Atatu kapena anayi, tengani ena 20. Asanu kupita m'tsogolo, range imeneyo si ya anthu anu. Mmene wafotokozeramu ya 2.0 ija igwa, ndipo kugwa kwakeko ndi umboni umene uike mu fayilo. Ukatero ufufuze range yosindikizidwa ya anthu a kuno kapena maiko oyandikana nafe, uyiyesenso ndi 20. Ku Blantyre anzathu anachitapo kafukufuku wa magazi a achinyamata athanzi, anatuluka mu Malawi Medical Journal, yamba ndi ameneyo, koma uone makina amene anagwiritsa ntchito ndi zaka za anthu ake.

Pamene pamavuta ndi pa mawu oti athanzi. Ku Zomba kuno wathanzi ndi ndani? Munthu akhoza kumayenda bwinobwino ali ndi tizilombo ta malungo, likodzo, njoka, kapena HIV yosayezetsa. Aliyense mwa 20 aja ayankhe mafunso, ayezedwe malungo (MRDT) ndi HIV, amayi muwafunse za mimba ndi kuyamwitsa, ndipo asayine kuti avomera. Usatenge a labu okhaokha ndi ana asukulu ya unamwino, onsewo ndi a msinkhu umodzi ndipo amadya katatu. Opereka magazi nawonso samala nawo, a Hb yotsika amakhala atabwezedwa kale pakhomo, ndiye range ya Hb yochokera kwa iwo imakwera.

Ndipo Hb usayitsitse. Ukayeza anthu a m'mudzi upeza amayi ambiri ali pa 10 ndi 11, ukati ndiye range yathu imeneyo, wabisa kuchepa magazi kwa boma lonse. Malire a WHO, 13 abambo, 12 amayi, 11 oyembekezera (10.5 pa trimester yachiwiri), ndi malire ochitirapo kanthu, si chinthu chimodzi ndi reference range. Shuga chimodzimodzi, fasting 7.0 ndi 7.0 kulikonse. Chofala pakati pathu sindiye kuti ndi chabwino. Neutrophil ya Duffy ndi nkhani ina chifukwa anthuwo sakudwala nayo.

NaGama:
Mayi zikomo. Koma anthu 40 ndiwapeza kuti mwezi umodzi, reagent ndili nayo ya masabata awiri. In-charge wanga ali ku workshop ku Liwonde mpaka Lachisanu.

aMbewe:
Ndiye muwononge reagent pa anthu 40 musanadziwe ngati makina akuwerenga zoona? Mukapanga verification pa makina okhota, range yanu idzakhalanso yokhota, ndipo mudzaisayinira. Ine ndayamba ntchito tikuwerenga WBC pa chamber ndi Turk's. Slide khumi, Field's kapena Giemsa, maselo 100 pa slide iliyonse. Ola limodzi basi. Kapena tumizani masampulo asanu ku labu ina m'tauni tsiku lomwelo. Chovuta n'chiyani?

Che Saidi:
Palibe akukana smear akulu. Tikungoti olo smear igwirizane ndi makina, L ija ikhalapobe.

aMbewe:
Igwirizane kaye.

Mjomba wa ku Domasi:
Poti mwatchula zotumiza masampulo, samalani ndi nthawi. FBC yogona differential yake imasokonekera, maselo amayamba kuwonongeka, makina amangosakaniza. Ife a kutali timalandira zotsatira za magazi amene anayenda pa njinga yamoto dzuwa lonse. Potassium ndiye musanene. Tsiku lina inatuluka 9.2, wodwala akudya nsima pa bedi akucheza ndi alamu ake. Calcium pansi penipeni, ALP (enzyme ya chiwindi ndi mafupa) pafupifupi palibe. Titafufuza, amene anatenga magazi anayamba kudzaza chubu cha purple, magazi atachepa mu chinacho anathiramo ochokera mu purple muja. EDTA yathu, mankhwala a mu chubu cha purple oletsa magazi kuundana, ndi ya potassium. Range ikanathandiza chiyani pamenepo? Enanso amaika magazi osazungulitsa mu fuliji usiku wonse poganiza kuti akusunga bwino, m'mawa potassium ili kumwamba, shuga wa pa tebulo naye akutsika ola lililonse.

NaPhiri:
Za platelet 138 ya mlonda ija, muyang'anenso ma clump kumapeto kwa smear. EDTA imaunjika ma platelet mwa anthu ena, makina n'kuwerenga ochepa. Ndinaonapo 40 mwa mayi wopita ku theatre, opaleshoni inaimitsidwa, titatenganso mu citrate inabwera yabwinobwino.

Ndipo makina anuwo muone ngati anakuikirani magulu a ana. Ambiri amasiya pa General basi. Mwana wa chaka chimodzi lymphocyte imaposa neutrophil, ndi mmene alili, koma pa range ya akulu pepala lonse limadzaza H ndi L. Wakhanda Hb 17 ndi yake. Ku chemistry ALP ya mwana amene akukula kapena mayi wa mimba yaikulu imakwera, ndaonapo mwana akufunsiridwa scan ya chiwindi chifukwa cha zimenezi.

aKalua CO:
Chinanso ndikupempheni a labu. Mukadzatsitsa range musadzatsitsenso critical value. Neutrophil pansi pa 0.5 ndiimbireni foni nthawi yomweyo, Duffy kapena ayi, makamaka amene akutentha thupi kapena ali pa chemo ya khansa ya Kaposi (KS). Ndikuopa kuti mawu oti anthu akuda amakhala otsika akafala m'mawodi, wina adzaona 0.6 n'kunena kuti ndi zachibadwa.

Mayi Quality:
Zoona aKalua. Ndipo kumbukirani kuti range iliyonse imasiya dala anthu athanzi 5 pa 100 kunja. Pepala la FBC lili ndi mizere yoposa 20, ndiye kupeza kachilembo kamodzi mwa munthu wabwinobwino si zachilendo olo range ikhale yathu. Pakadali pano NaGama, chimene ungachite osaphwanya lamulo ndi kulemba nonconformity (fomu yolembapo vuto), kuika ndondomeko ya verification ndi madeti, in-charge akabwera asayine. Assessor amalemekeza vuto lolembedwa kuposa range yosinthidwa usiku.

aMbewe:
Mu ndondomekomo nambala 1 ikhale smear ndi EQA.

Mjomba wa ku Domasi:
Kodi alipo amene ali ndi control ya hematology ya level yotsika imene sinathe nthawi? Yathu yatha Lachiwiri, oda sinabwere. Ndikhoza kutuma munthu adzatenge pa Chinamwali kapena pa depoti mawa m'mawa, cooler box tili nayo.

NaPhiri:
Makina anu ndi a mtundu wanji Mjomba? Yathu ndi ya Mindray, pa Sysmex siyigwira.