Chithunzi chikutuluka ngati ndawazapo mchere, ndithandizeni

Wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndagwa nayo. Ndasema lino (chipangizo chokhala ngati kapeti yapansi chomwe timasemapo chithunzi, kupaka inki n'kudinda pa pepala) ya amayi akupeta mpunga, makadi 30 akufunika Loweruka. Pamene payenera kuda bii pakutuluka timadontho toyera ngati ndawazapo mchere. Inki ndi yamadzi, pepala ndi lokhuthala lija la watercolour, ndikutikita ndi supuni yatiyi. Mapepala asanu ndi atatu apita kale.

Wa ku Zomba: Achimwene, pepalalo ndiye wolakwa woyamba. Lili ndi timaenje, ndipo popanda pulesi, makina odindira aja, dzanja silingafikitse inki m'menemo. Pezani losalala, lopyapyala, la 120gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) kapena kutsika. Mukamatikita muziona chithunzi chikuonekera kumsana kwake.

Mphunzitsi wa luso: Lino yake ndi yotuwa ija ya chiguduli kumsana? Imapangidwa ndi mafuta a linseed ndi utuchi, ndiye ikakhala yatsopano pamwamba pamakhala noninoni, inki yamadzi imathawa. Musanaseme mumayenera kuipala pang'ono ndi sandipepa wosalala, wa 600, n'kupukuta. Poti mwasema kale, kulungani sandipepayo pa kathabwa kuti asalowe m'mizere.

Wa ku Ndirande: Ndi yomweyo aphunzitsi, sindinaipale. Ndiye ndingowonjezera inki?

Mphunzitsi wa luso: Ayi ndithu! Mukaunjika, mizere yopyapyala ya lichero itsekeka yonse. Yalani inki pa galasi mpaka rola yopakira inkiyo izilira kuti siii. Ikamati tchapatchapa, yachuluka. Pakani pang'onopang'ono, kanayi kapena kasanu, mobwerera ku galasi. Zithunzi ziwiri zoyamba zimatuwa basi, chitirani pa nyuzipepala.

Wa ku Joni: Palibe amene wanena za kutentha. Okutobala uno inki yamadzi imauma muli mkati mofufuza pepala. Ine ndinaisiya, ndimagwiritsa Caligo Safe Wash, yamafuta koma imachoka ndi sopo ndi madzi. Vuto lake imatenga masiku kuti iume, ndiye za Loweruka musaiyembekezere. Sindikizani m'mamawa kusanatenthe, pepala likhale pambali podikira. Za pulesi musadandaule, ku sukulu ya luso ya Rorke's Drift ku South Africa, kumene anaphunzira katswiri wa lino wa ku Namibia John Muafangejo, lino inatchuka chifukwa sifuna zida zambiri.

Wa ku Zomba: Kasupuni katiyiko kasiyeninso, kamasiya mikwingwirima. Bwerekani chipande kukhitchini, chakale chomwe msana wake unasalala. Ikani pepala lophikira makeke pamwamba kuti chiziterera, muzizunguliza. Musanamatule, gwirani pakati ndi chala, tukulani ngodya imodzi musuzumire. Pamene patuwa bwezani, tikitaninso.

Wa ku Ndirande: Ndadzuka 5 koloko, ndapala, ndasintha pepala, chipande ndatenga mayi a kunyumba asakudziwa. Zatuluka 22 zakuda bwino. Pa chitenje pokha, poti ndi potambalala, mchere ukuonekabe pang'ono kumanzere.

Mphunzitsi wa luso: Gonekani rola pa galasi muone ngati kuwala kukudutsa pansi pake. Mwina munaisiya itatsamira mphira, inaphwatalala mbali imodzi.